Chikhomo Chachisanu

Dzina loti Nazikhomo anamupatsa ndi anthu okumba mchenga mumtsinje, ndipo sanamupatse chifukwa chomukonda. Ankamuona mwezi ndi mwezi akutsika m'mbali mwa madzi, jombo zamphira kuphazi, nyundo m'chikwama, tepi yoyezera ili lende m'chiuno, ndipo ankadziwa kuti mayi ameneyu akaima pamalo n'kulemba kanthu m'kabuku kake, sipapita sabata ziwiri kalata yowathamangitsa isanabwere. Dzinalo linamukanirira mpaka ku ofesi ya zamadzi kumene ankagwira ntchito, moti kalaliki wina watsopano analilemba pa envulopu poyesa kuti ndi lobadwa nalo.

Ku ofesiko analowa ngati wosesa. Tsiku lina woyeza mtsinje anathyoka mwendo, ndipo bwana injiniya, posowa wowagwirira tepi, anatenga wosesayo. Atafika pagombe bwana anawerenga okha kuti mamita asanu ndi atatu, n'kuyamba kulemba. Wosesa uja anati, "Pepani bwana, pali kachidutswa kotsala, ngati zala ziwiri." Bwana anamuyang'ana, anayang'ana tepi, anafufuta. Kuyambira tsiku limenelo tsache linapita kwa wina, ndipo iye anayenda ndi mtsinjewo zaka makumi awiri ndi ziwiri, kuchokera pa mlatho mpaka pomwe madzi ake amathira m'nyanja yamchere.

Ukamufunsa za ntchitoyo ankaifotokoza ngati akudandaula za mnansi wovuta. Mtsinje, iye ankati, suyenda chowongoka. Pomwe wakhota, madzi amathamangira kunja kwa khonalo n'kumadya gombe, ndipo zimene adyazo amakazilavula kutsidya ngati mchenga. Ndiye kuti mtsinje umayendanso chammbali, kulanda dimba la uyu n'kupatsa uyo. Kumathiriro kwake mchenga womwewo umapanga lilime lalitali limene mafunde amalikankha uku ndi uku, chaka china kutseka njira ya mabwato, chaka china kuitsegula. Zonsezi mtsinje umachita mosapupuluma, mpaka anthu atayamba kuukumba pansi ndi mafosholo, kudula mabango ndi kulima kufika m'mphepete. Apo ndiye umadya ngati munthu wochira kumene.

Pofuna kudziwa kadyedweko, ankakhoma zikhomo zachitsulo m'malo makumi anayi, ziwiri pamalo alionse. Chakutsogolo chinkakhala kufupi ndi gombe, ndipo mwezi uliwonse ankakoka tepi kuchokera pamenepo mpaka pomwe nthaka yathera. Nambala ikachepa, ndiye kuti mtsinje wadya. Chakumbuyo chinkakhala patali, kumtunda, ndipo ntchito yake inali yogwira akamberembere. Pajatu anthu safuna kusamutsidwa. Ena ankazula chikhomo chakutsogolo n'kuchisunthira kumbuyo kuti nambala isachepe, osadziwa kuti Nazikhomo ayezanso mtunda wa pakati pa zikhomo ziwirizo. Anagwirapo mwini golosale, anagwirapo mphunzitsi wopuma ntchito, anagwiraponso mayi wina wotsogolera kwaya amene analumbira mpaka misozi. Nazikhomo sankakhulupirira munthu aliyense wokhala m'mbali mwa mtsinje, ndipo sankabisa.

Kupatula mmodzi. Pamalo achisanu kuchokera ku mlatho, pakhona penipeni, panali nyumba imene iye anabadwiramo, ndipo munkakhala achimwene ake, kalipentala, ndi akazi awo. Achimwenewa anali munthu woti anabwererapo kusitolo wapansi kukabweza misomali itatu imene inapitirira pa imene anaitanitsa. Kuyeza chikhomo chakumbuyo pakhomo pawo, alamu akuona, kukanakhala kuwatchula wakuba masana. Chomwecho chikhomo chija chinangokhala patsinde pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, udzu n'kuchikwirira, ndipo Nazikhomo ankayeza chakutsogolo chokha.

Gombe la pamenepo analisamala ngati mwana wodwala. Mayi awo atamwalira, m'chipinda chakumbuyo cha nyumba yomweyo, iye anabzala udzu wa vetiva ndi manja ake kuchokera pamwamba mpaka kumadzi, ndipo anawavutitsa bwana mpaka anatumiza miyala yomangidwa m'mawaya kuti itchinge kunsi. Udzu unagwira, mizu yake inaluka nthaka yonse. Kuyambira pamenepo nambala ya chikhomo chachisanu inaima pa mamita khumi ndi anayi, kaya kwagwa mvula yotani.

Ankafika m'mawa, achimwene ali mushedi pambali pa nyumba, pensulo pakhutu.

"Angati lero, chemwali?"

"Khumi ndi anayi, achimwene."

"Mtsinjewu ukukuopa iwe."

Akatero ankalemba kamzere pa nsanamira ya shedi n'kubwerera ku thabwa lawo. Nazikhomo ankadzipanga ngati sanamve, koma mawu amenewo ankamukomera tsiku lonse.

Kwa anansi zinthu sizinali choncho. Malole a mchenga ankabwerabe kunsi kwa khonalo, kuthamangitsidwa Lolemba kubwerera Lachinayi, ndipo gombe linkagumuka mbali zonse. Ofesi inakonza mndandanda wa mabanja oti apatsidwe malo kuphiri, ndipo asanautseke, bwana anamuitana.

"Mayi, pachinayi padyedwa, pachisanu ndi chimodzi padyedwa. Chapakatichi mukutsimikiza? Malo aja ndi ochepa, tikatseka tatseka."

"Bwana, kabuku kanga kananamapo liti?"

"Sindinati kananama. Kungoti ndi kwanu."

Mawu akuti ndi kwanu anamubaya kuposa chipongwe chonse cha okumba mchenga. Anatsegula timabuku, anawaonetsa miyezi yonse, khumi ndi anayi yekhayekha, ndipo anasaina mokanda pepala. Dzina la achimwene silinalowe pamndandanda. Iwo atamva anakondwa, chifukwa shedi yawo ndi nyumba ya amayi sankafuna kuzisiya.

Anansi anasasula malata, ananyamula njerwa, anapita. Uku ndi uku kunatsala maziko okhaokha ndi masitepe okwera kopanda nyumba, ndipo pakati pake panaima nyumba ya kalipentala yokha, penti ili mbee, zitseko zikunyezimira. Malo aja anati zii. Tambala wa alamu ankalira popanda womuyankha.

Amene anayamba kulankhula ndi alamu. M'mawa wina, mvula itangoyamba kumene, anamukokera Nazikhomo kukhitchini, anamuthirira tiyi, n'kuyamba kulankhula chapansipansi ngakhale kuti panalibe womvera.

"Alamu, muno sitili awiri."

"Mwalandira alendo?"

"Musaseke. Chitseko cha kuchipinda kwa amayi chikumatseguka chokha. Osati kukada ayi, masanasana, ine ndikusesa. Ndikachitseka, kutembenuka, chatseguka. Botolo likagwa pano silipita kwina, limagubuduka mpaka pakhomo pa amayi n'kuima. Anyezi chimodzimodzi. Dzuwa likafika pamutu, kukakhala bata, pansi pa simentiyi pamagogoda."

"Achimwene akuti chiyani?"

"Akuti ndi mphepo. Nanga galu? Galu wasiya kufika pakhonde. Amakathera pa mango paja, chakudya ndimachita kumupititsira konko."

Nazikhomo anaseka, poti ndi zimene munthu wa tepi amayenera kuchita. Koma ali chikhalire, kapu ili m'manja, anamva kwee. Kumapeto kwa kanjira ka m'nyumba chitseko chinali kutseguka, pang'onopang'ono, ngati pali munthu wokalamba amene akuchikoka mosafuna kusokoneza ena. Chinapita mpaka kukhoma n'kuima. M'katimo munali bedi la mayi awo loyalidwa bwino, ndi mpango wawo pa msomali. Mpangowo sunagone kukhoma monga imachitira nsalu yopachikidwa. Kunsi kwake kunatalikirana ndi khomalo, ngati wina wautsina kunsonga. Zenera linali lotseka. 

Nazikhomo anaimirira mwaukali, monga ankachitira akagwidwa ndi mantha, n'kuyendera nyumba yonse. Ku ofesi anaphunzira kuti nyumba imene nthaka ikuisuntha imayamba kuulula ndi zitseko: zimakhula pansi, zimakana kutseka. Koma izi zinkatseka bwinobwino. Makoma analibe mng'alu, tebulo silinkagwedera. Ndipo botolo lija, anadziuza yekha, likanakhala la mtsinje likanathamangira kumtsinje, koma ili linkauthawa. Anatuluka, anakoka tepi, khumi ndi anayi. Anawauza alamu kuti azipita kukacheza ndi anzawo kuphiri, chifukwa kukhala wekha kumaweta maganizo. Koma pobwerera sanadutse pafupi ndi zenera la chipinda chija, ndipo galu anamuperekeza ndi maso ali chigonere pa mango.

Nazikhomo ankakhala yekha m'zipinda ziwiri kuseri kwa ofesi. Mwamuna amene anamukwatira kale anatopa ndi mkazi wokonza nambala za anthu pakati pa nkhani, ndipo anachoka popanda phokoso. Chuma chake chinali shelefu ya timabuku ta zaka zonsezo, tosanjidwa mwadongosolo, ndi simenti ya pansi yosalala imene ankaipukuta mpaka kudziona nkhope. Mwezi umenewo mvula inagwa yosalekeza. Anayeza kumathiriro, kumene mafunde anali atadula lilime la mchenga pakati, anayeza madimba omizidwa, anakangana ndi a malole kawiri. Koma akakhala pansi kuti akopere manambala, ankaona mpango uja utaima patali ndi khoma.

Tsiku la chikhomo chachisanu litakwananso, anapeza alamu kuseri akuyanika zovala, poti dzuwa linali litatuluka patatha masiku atatu. Chingwe choyanikira chinkachokera pa msomali wa kukhoma lakumbuyo kukafika pa mtengo wa mango. Mphepo kunalibe, zovala zinali zochepa. Nazikhomo asanapereke moni, chingwe chinati thaa, malaya onse m'matope.

"Kachinayi aka," anatero alamu, osadabwa n'komwe. Anali ataonda, maso atalowa. "Chingwechi chikumafupika chokha. Ndikalumikiza chimayamba chalendewera bwinobwino, pakapita masabata chakungika gwa, kenako ndi zimene mwaonazi. Amayi sankafuna zovala kuseri kuno, inu mukudziwa."

Nazikhomo anatola nsonga ziwirizo kuti awathandize kumanga. Anakoka, sizinakumane. Anakokanso ndi mphamvu, panatsala mpata wa chikhatho. Anayendetsa chala pachingwepo n'kupeza mfundo: apa alamu analumikiza ndi kachingwe ka buluu, apa ndi chidutswa cha nsalu, apa ndi waya, chilichonse kutalika ngati kuchokera kuchigongono kufika kudzanja. Chingwe cha nayiloni sichifupika, iye ankadziwa. Chikakalamba chimatamuka. Anayang'ana mtengo, anayang'ana nyumba.

Anagwada patsinde pa mango n'kuyamba kuzula udzu ndi manja, galu akumununkhiza khutu. Chikhomo chakumbuyo chinali pompo, chadzimbiri. Anakolapo tepi, anayenda nayo pakati pa nyumba ndi shedi mpaka pa chikhomo chakutsogolo. Patsamba loyamba la kabuku kalikonse ankakoperapo mitunda ya pakati pa zikhomo, ndipo pamalo achisanu panalembedwa mamita makumi awiri. Tepi inati makumi awiri ndi imodzi, kuperewera zala zinayi. Anawerenga kawiri monga mwa chizolowezi, anawerenganso kachitatu.

Palibe amene anazula chikhomo chakutsogolocho. Udzu wozungulira unali wosakhudzidwa, chitsulo chinali nji. Chinayenda chili chokhomedwa, pamodzi ndi nthaka yake, nyumba, shedi ndi gombe lomwe. Nanga nambala ikanachepa bwanji, poti choyezera ndi choyezedwa zinkayendera limodzi? Okumba mchenga anafukula kunsi kwa khona, ndipo udzu umene iye anabzala unaligwira gombe kuti lisagumuke pang'onopang'ono ngati la anansi. Ndiye linkapita lathunthu.

Nthaka ikachoka, pena payenera kutseguka. Anabwerera potsata tepi. Pakati pa mango ndi nyumba tepiyo inkadutsa pamwamba pa mulu wautali wa utuchi, umene maungu anayangapo. Achimwene ankalinyadira dzala limeneli, ankati anzawo amavutika kotaya utuchi koma lawo silidzadza. Nazikhomo anatola nsungwi yochirikizira chingwe, yaitali kuposa munthu, n'kubaya. Inalowa popanda kukana, yonse, mpaka inamupulumuka m'manja, ndipo sanaimve ikufika pansi. Pabowopo panatuluka mpweya wozizira wonunkha matope a mumtsinje. Kenako pansi, patali, china chake chinagogoda kawiri.

"Mwamva?" anatero alamu kumbuyo kwake. "Ndi momwemo."

Achimwene anali mushedi akupala thabwa.

"Angati lero, chemwali?"

"Akhala khumi ndi anayi, sindinayeze n'komwe. Achimwene, tulutsani katundu. Musagonenso muno."

Anasiya kupala. Anachotsa pensulo pakhutu n'kuloza nsanamira, timizere tili ndandanda, makumi atatu ndi kuposa.

"Iyi ndi miyezi yako iwe. Sindinalembe za m'mutu mwanga."

"Ndibwerekeni levulo."

Sanamupatse. Analowa nayo okha m'nyumba n'kuiika patebulo. Kathovu ka m'kagalasi kanakhala pakati penipeni.

"Waona?"

"Ikani pansi."

Achimwene ananyamula levuloyo patebulo. Kenako anawerama, movutika ngati akalamba tsiku lomwelo, n'kuigoneka pasimenti. Kathovu kanathawira kumapeto n'kubisala. Anakhala pampando osayang'ana munthu.

"Miyendo ya tebuloli ndaidula katatu," anatero. "Ya bedi kanayi. Zitseko ndimapala Loweruka, mlamu wako akapita kumsika, n'kusuntha mahinjesi. Ming'alu ndimamata n'kupaka penti. Cha amayi chokha ndi chimene sindinachikhudze, dzanja limakana."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikanati chiyani? Kuti kalipentala wogwira ntchito zaka makumi anayi nyumba yake yapendekeka? Ndinkati ndi ine, maso atha, matabwa ndinaika osauma. Ukabwera iwe n'kunena kuti khumi ndi anayi, ndinkati basi, vuto si nthaka, ndi manja angawa."

"Ine ndinkaona zitseko zanu zikutseka bwino, ndinkati vuto palibe."

Anayang'anana. Panalibe woti akalipire mnzake, ndipo zimenezo ndi zimene zinawawa koposa. Alamu anali ataima pakhomo, malaya amatope ali m'manja, akuyang'ana miyendo ya tebulo imene anaipukuta tsiku ndi tsiku osaona kanthu. M'kanjira muja chitseko cha amayi chinati kwee.

Galimoto yomwe inali pafupi inali imodzi yokha, lole ya mchenga kunsi kwa khona. Nazikhomo anatsetsereka yekha kukafika pamenepo, ndipo mafosholo onse anaima.

"Lero mwabwera ndi kalata m'manja, a Nazikhomo?" anafunsa dalaivala.

"Ndabwera kudzapempha lole."

Dalaivala anali atakonza kale chipongwe china, koma atamuona nkhope anachimeza, n'kuuza anzake kuti akhuthule mchengawo. Anthu omwewo amene anafukula gombe ndi amene anayala matabwa pamwamba pa utuchi n'kuolotsa bedi, tebulo, mipando ndi zipangizo za mushedi. Nazikhomo anafuna kuwauza zimenezo, koma m'kamwa munali mowawa ndi mlandu wake womwe. Galu sanawoloke ngakhale kamodzi, ankangolira ali tsidya la mango munthu aliyense akaponda thabwa.

Womaliza kutuluka anali alamu. Analowa m'chipinda chakumbuyo, anachotsa mpango pa msomali, anaupinda. Nazikhomo ali pakhonde anawamva akunena kuti, "Amayi, tamva. Tikupita." Anatseka chitsekocho ndi manja awiri. Atakwera pa lole anati, "Inu muziti nthaka, alamu. Ine ndikuti amatichenjeza." Ndipo Nazikhomo, amene sanalolepo cholakwika kudutsa osachikonza, ichi anachilola kudutsa.

Patapita masiku asanu anabwera ndi bwana kudzawaonetsa mng'aluwo. Kunali m'mawa, dzuwa lili bwino, mtsinje ukuyenda ngati wosalakwa. Ali chiimire pansi pa mango, utuchi uja unayamba kulowa pansi ngati ufa m'thumba lobooka, maungu n'kutsatira. Phokoso lalikulu kunalibe, koma kulira kwa mizu ikuduka. Kenako nyumba inayamba kutsika. Sinagwe, sinasweke. Inatsika ili chiimire, ikutsamira chakumbuyo monga munthu wotopa amakhalira pampando, pamodzi ndi shedi, khonde ndi udzu wa vetiva, ndipo miyala ya m'mawaya inakatumphuka pakati pa mtsinje. Zinatenga nthawi yomwera kapu ya tiyi. Itaima, denga linali lofanana ndi mapazi awo, madzi akulowa pakhonde. Zenera la chipinda chakumbuyo linkayang'ana kumwamba kwa iwo, ndipo kudzera pagalasi ankaona chitseko chija chili chotsegula.

Kutsogolo kwa nyumbayo chikhomo chachisanu chinali chikhalire, chowongoka pa nthaka yake, ndipo patsogolo pake m'mphepete mwa udzu munali mobiriwira, mosagumuka. Nazikhomo sanafune kuyeza, koma maso a zaka makumi awiri ndi ziwiri anayeza okha. Anali khumi ndi anayi.

Bwana anavula chipewa n'kuchigwira m'manja.

"Malo aja anatha, mayi. Ndiyesetsa, koma sindikulonjeza."

Sananene kuti ndinakufunsani. Nazikhomo analakalaka akananena, kuti apeze womuyankha.

Achimwene ndi alamu analowa m'chipinda chake chamkati, iye n'kumagona pabalaza pakati pa macheka ndi mabokosi a misomali. Ntchito sanasiye. Ankayeza zikhomo zonse ziwiri pamalo alionse, ndi chachitatu chimene anawonjezera yekha pa mtengo kapena pa thanthwe, moti anzake ku ofesi ankati mayiyu tsopano akayeza ndi mwezi womwe. Akabwera madzulo ankapeza achimwene ali pakhomo, manja ali pamaondo, pensulo palibe pakhutu. Ankamulonjera bwinobwino, kumufunsa ngati watopa, kumusunthira mpando. Koma angati lero sanafunsenso, ndipo iye ankaima kamphindi pakhomopo tsiku lililonse ngati waiwala kanthu.

Pa simenti yake yosalala katundu yense wa kalipentala anaoneka mmene analili. Bedi linapendekeka, mipando inkakankhira munthu mbali imodzi, ndipo tebulo linkatsetsereka moti kapu ukaiika uyenera kuigwira. Sabata ziwiri anadya choncho, aliyense akudzipanga ngati sakuona. Tsiku lina alamu ataika mbale ya ndiwo, msuzi unasefukira mbali imodzi n'kuyenderera mpaka pamwendo pa amuna awo.

"Bambo, tebuloli simungalikonze?"

Achimwene anayang'ana manja awo.

"Ndinadula ndekha. Ndibwezerapo chiyani?"

Nazikhomo anaimirira n'kupita pa shelefu. Anatsitsa timabuku ta zaka zitatu zomaliza, tija todzaza ndi khumi ndi anayi, anagwada, n'kuuza alamu kuti anyamule tebulo mbali yofupikayo. Anaika titatu pansi pa mwendo uwu, titatu pansi pa uwo. Achimwene anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja m'bokosi la zipangizo, koyamba chichokereni kumtsinje, anatulutsa levulo, anaipukuta pa malaya n'kuiika pakati pa mbale.

"Onjezera kamodzi, chemwali," anatero. "Mbali iyo."

Anaonjezera. Kathovu kanayenda pang'onopang'ono mpaka pakati, ndipo anakhala pansi n'kuyamba kudya.